Wamagetsi Watsopano Ayambe Walembetsa

Anyamata ambiri a kumudzi amene atsiriza maphunziro a zamagetsi, monga ku Lilongwe Technical College, amafuna kudziyambira ntchito yoika mawaya m'nyumba za mu Lilongwe. Nkwabwino ndithu, koma satifiketi ya kusukulu payokha siikwana.

Lamulo likuti woika mawaya akhale ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004. Ofesi yake ili ku City Centre. Zilolezozi zili m'magulu, monga mwa maphunziro a munthu ndi kukula kwa ntchito imene angathe kugwira.

Tsono musanasankhe gulu, ganizani bwino za ntchito zimene mudzapeze. Nyumba zing'onozing'ono zimalandira magetsi a mavoti 230. Koma zigayo, mashopu ena a ku Old Town ndi nyumba zina zazikulu za ku Area 10 kapena Area 43 zimafuna magetsi a three phase, a mavoti 400. Woyamba kumene atenge gulu lolingana ndi mapepala ake. Adzakwera akazolowera ntchito.

Musabwereke dzina la mnzanu wolembetsa ayi. A ESCOM salumikiza nyumba popanda chikalata cha munthu wachilolezo, ndipo mawaya oikidwa mosasamala amatentha nyumba ndi kupha anthu.

Inunso eni nyumba, funsani chilolezo musanapereke ndalama zanu.