Za Unzika: Kuchokera ku Magomero Mpaka ku Joni

M'boma lathu la Chiradzulu, mabanja ambiri akamalongosola mtundu wawo amakafika kwa agogo amene adachokera ku Mozambique. Mabanja omwewo lero ali ndi ana ku Johannesburg, ndipo amafunsa ngati mwana akatenga unzika wa kumeneko ndiye kuti wataya wa kuno. Yankho lake likuyambira m'mbiri yathu.

Pangano la 1891 la pakati pa Britain ndi Portugal lidadula malire osafunsa eni nthaka. Alomwe ambiri, pothawa njala ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, adawoloka malirewo nadzakhala m'maesiteti monga a A. L. Bruce ku Magomero. Malowo anali atalembedwa kale m'dzina la azungu, choncho wobwera ankalipira pokhala ndi thukuta lake, ndiyo thangata ija. Ngakhale obadwira kuno sanali nzika. Lamulo linkawatcha anthu otetezedwa ndi Britain, chikhalirecho ankakhoma msonkho ndi kutengedwa kunkhondo. Za kufera nkhondo ya eni ndizo adadandaula M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe m'kalata yake ya mu Novembala 1914, kuukira kwa mu Januwale 1915 kusanachitike.

Unzika wa Malawi udadza ndi ufulu wodzilamulira mu 1964. Zidzukulu za owoloka aja ndi nzika ngati wina aliyense, ndipo ndime 47 ya Malamulo Aakulu a dziko lino ikuletsa kulanda kapena kumana munthu unzika popanda chifukwa chomveka. Wotonza mnzake kuti ndi wobwera akulankhula zimene lamulo silizidziwa.

Koma lamulo la unzika la 1966 linali louma pa mfundo imodzi: munthu wamkulu samaloledwa kukhala nzika ya maiko awiri. Wotenga unzika wina mwa kufuna kwake ankataya wa Malawi, ndipo mwana wobadwa ndi unzika uwiri ankayenera kusankha akakwanitsa zaka 21. Mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo idasintha zimenezi, kotero kuti Mmalawi wobadwira kuno kapena wobadwa kwa kholo la Chimalawi angathe kusunga unzika wonse uwiri, malinga ngati dziko linalo likulola.

Kukana unzika kukadalipo, koma sikuchitika ndi pakamwa kapena chifukwa chokhalitsa kunja: munthu amachita kulemba kuboma. Makatekisiti, akakufikirani makolo ndi nkhawa imeneyi, alozereni ku ofesi ya Immigration ku Blantyre, mwana wawo asanasayine chikalata chilichonse.