Grossinger's: Famu Yokanika Imene Inasanduka Hotelo ya Ayuda a ku New York

Selig Grossinger sanapite kumapiri a Catskill kukatsegula hotelo. Anapita kukalima. Iye anali Myuda wochokera ku Galicia, dera limene nthawi imeneyo linali pansi pa ufumu wa Austria-Hungary, ndipo atafika mumzinda wa New York anagwira ntchito yosita zovala, koma patapita nthawi thanzi lake linayamba kufooka. Mu 1914 anatenga banja lake n'kusamukira kukafamu kena ku Ferndale, m'boma la Sullivan, mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera mumzindawo. Nthaka yake inali yamiyala yokhayokha. Ulimi unakanika, koma nyumba inalipo, mpweya wabwino unalipo, ndiponso mkazi wake Malka ankadziwa kuphika. Banjali linayamba kulandira anthu ogona polipira. M'nyengo yotentha yoyamba analandira alendo 9 n'kupeza madola 81.

Kodi alendowo ankachokera kuti? Pakati pa 1880 ndi 1924, Ayuda oposa 2 miliyoni anachoka kum'mawa kwa Ulaya kupita ku America, pothawa umphawi ndi zipolowe zowazunza. Ambiri anaunjikana m'nyumba zosanjikizana za ku Lower East Side, kumene mabanja ankapanikizana m'tizipinda topanda mpweya, n'kumasoka zovala m'mafakitale kuyambira m'mawa mpaka mdima. Mu July ndi August nyumbazo zinkatentha kwadzaoneni, ndipo chifuwa chachikulu chinkatha anthu. Aliyense amene anali ndi kandalama kapadera ankafuna kutulutsako ana ake kwa masabata angapo. Sitima ya kampani ya New York, Ontario and Western inkafika kumapiri amenewa, choncho njira inalipo.

Vuto linali kofikira. Mahotelo ambiri apamwamba sankalandira Ayuda, ndipo ena ankachita kulemba zimenezi poyera pazikwangwani ndi m'manyuzipepala. Ngakhale chuma sichinkathandiza: mu 1877 Joseph Seligman, mwini banki wodziwika m'dziko lonse, anabwezedwa pakhomo pa Grand Union Hotel ku Saratoga Springs. Ngati munthu wotere anakanizidwa chipinda, telala wamba akanayembekezera chiyani? Panalinso nkhani ya chakudya. Myuda wosunga malamulo a chipembedzo chake sadya nkhumba, sadya nyama yosaphedwa mwamwambo, ndiponso sasakaniza nyama ndi mkaka, ngakhale mbale ndi mapoto ake amakhala osiyana. Choncho ngakhale hotelo itamulandira, akanagona ndi njala. Alimi achiyuda a ku Catskill, amene ena mwa iwo anagula minda ndi ngongole za bungwe la Jewish Agricultural Society, anapeza kuti mlendo amapindulitsa kuposa ng'ombe.

Mafamu otere analipo ambiri, koma ndi ochepa amene anali ndi munthu ngati Jennie, mwana wamkazi wa Selig, wobadwa mu 1892. Poyamba ankayala mabedi, kuperekera chakudya ndi kusunga mabuku a ndalama, pamene mwamuna wake Harry ankatsala mumzinda n'kumakopa anthu kuti apite kumapiri. Mu 1919 banjali linagulitsa famu yoyamba ija n'kugula malo okulirapo pafupi ndi tauni ya Liberty. Jennie ndiye anakhala nkhope ya malowa mpaka imfa yake mu 1972. Ankalonjera alendo ngati akubwera kwawo. Ine ndimaona kuti luso lake lalikulu linali limeneli. Munthu amene wakhala akubwezedwa pazitseko za ena sasaka bedi lofewa lokha ayi, amasaka pakhomo pamene sadzafunsidwa kuti ndi wa mtundu wanji.

Pofika nthawi imene Jennie anamwalira, hotelo ya Grossinger's inali ndi nyumba zoposa 30 pamalo a maekala 1,200, ndipo inkalandira alendo pafupifupi 150,000 pachaka. Inali ndi bwalo lake la ndege, positi ofesi yake, bwalo la gofu ndi maiwe osambiramo. Mu 1952 inayamba kupanga sinowo ndi makina kuti alendo azitsetsereka paphiri ngakhale kumwamba kutauma. Akatswiri a nkhonya, monga Barney Ross ndi Rocky Marciano, ankakonzekera nkhondo zawo kumeneko, ndipo atolankhani obwera kudzawaona ankafalitsa dzina la hoteloyo kwaulere. Woimba Eddie Fisher anatulukira pomwepo, n'kudzakwatira Debbie Reynolds pamalo omwewo mu 1955.

Koma mtima wa hotelo unali m'chipinda chodyera. Ukalipira chipinda unkadya mmene ungathere, katatu patsiku, ndipo kuitanitsa mbale yachiwiri kapena yachitatu sikunali kwamanyazi. Ena amaseka kudya kotereku. Amaiwala kuti ambiri mwa anthu okhala patebulopo anakulira m'njala, kapena anali ndi abale amene anaphedwa ku Ulaya m'nthawi ya Hitler. Tebulo losefukira linali umboni wakuti apulumuka. Operekera zakudya ambiri anali anyamata a kukoleji osaka fizi, ndipo amayi ankawayang'anitsitsa: mnyamata wophunzira udokotala ndi mkamwini wabwino. Maukwati ambiri anayambira m'zipinda zimenezi.

Dera lonse linadzatchedwa Borscht Belt, potengera msuzi wa bitiruti umene Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya amakonda. Munali mahotelo mazana angapo, monga Concord, Kutsher's ndi Brown's, komanso tinyumba tambirimbiri tochita lendi kwa osakwanitsa hotelo. M'nyumba zotsika mtengo kwambiri amayi ankaphikira m'khitchini imodzi, aliyense ndi poto wake, pamene abambo ankagwira ntchito mumzinda n'kumabwera Lachisanu madzulo. Hotelo iliyonse inkalemba munthu woti aziseketsa alendo tsiku lonse, makamaka mvula ikagwa, kuopa kuti angatope n'kunyamula zikwama. Ku Grossinger's ntchitoyi inali ya Lou Goldstein kwa zaka zambiri. M'mahotelo a deralo ndi mmene Danny Kaye, Sid Caesar, Mel Brooks ndi Jerry Lewis anasulira luso lawo, pamaso pa anthu okhuta amene sankaseka mwachisawawa. Nthabwala zimene wailesi yakanema ya ku America inadzatchuka nazo zinaphikidwa kumapiri kuno.

Kugwa kwake kunabwera mofulumira. Makina oziziritsa m'nyumba anachotsa chifukwa chothawira mumzinda. Ndege zinatsika mtengo, moti Miami ndi Ulaya zinayandikira. Lamulo la 1964 loteteza ufulu wa nzika linaletsa mahotelo kusankha alendo potengera mtundu kapena chipembedzo. Ana a matelala aja anali atasanduka madokotala ndi maloya okhala m'nyumba zawozawo za kapinga pakhomo, ndipo sankafunanso kupita kumene makolo awo ankapita. Banja la Grossinger linagulitsa hoteloyo mu 1985, ndipo inatsekedwa mu 1986. Chaka chotsatira filimu ya Dirty Dancing, yolembedwa ndi Eleanor Bergstein amene ankapita ku Catskill ali mwana, inaonetsa dziko lonse moyo umene unali utangotha kumene.

Concord inatsekedwa mu 1998, Kutsher's mu 2013. Nyumba za Grossinger's zinakhala bwinja zaka zoposa 30, madenga akudontha ndiponso udzu ukumera m'dziwe la m'nyumba, mpaka zinagumulidwa mu 2018. Chaka chomwecho, pamalo amene kale anali a Concord panatsegulidwa nyumba ya juga ya Resorts World Catskills. Komabe Ayuda sanachoke m'mapiriwa. Tinyumba ta lendi tambiri tinagulidwa ndi magulu a Ayuda osunga kwambiri chipembedzo, makamaka ochokera ku Brooklyn, ndipo nyengo yotentha iliyonse mabanja awo amadzaza matauni monga Monticello, South Fallsburg ndi Woodbourne, n'kutsegula masunagoge, sukulu za ana ndi mashopu a zakudya zawo mpaka kumayambiriro kwa September.