Kodi Dziko Lathu Liphunzitse Madokotala Angati?

Dokotala sapsa m'chaka chimodzi ngati chimanga. Mwana amene walowa sukulu ya udokotala ku Blantyre amatha chaka chimodzi akukonzekera, zaka 5 akuphunzira, kenaka miyezi 18 akugwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu. Choncho dokotala amene adzatione pa chipatala cha boma cha Ntcheu zaka 8 zikubwerazi, boma liyenera kumuwerengera lero.

Powerengera, choyamba timaona kuchuluka kwa anthu. Pa kalembera wa 1987 tinalipo pafupifupi 8 miliyoni. Pa wa 2018 tinaposa 17 miliyoni, ndipo m'boma la Ntcheu lokha munali anthu pafupifupi 660,000. Mu 2006 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linati pa anthu 10,000 alionse pasachepere madokotala, anamwino ndi azamba 23 onse pamodzi. Tikatsata muyeso umenewu, Ntcheu ifunika anthu otere oposa 1,500. Amene munagonapo pa mzere pa chipatala cha pa boma mukudziwa nokha pamene tili.

Chachiwiri, si onse ophunzira amene amatsala. Kale ana athu ankakaphunzira udokotala kunja, monga ku Britain, ndipo ambiri sankabwerako. Ndi chifukwa chake mu 1991 boma linatsegula College of Medicine, imene mu 2021 inalowa mu yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences. Koma ngakhale ophunzira konkuno, ena amapita kunja, ena amalowa ntchito za m'maofesi a mabungwe, ndipo ambiri mwa otsala amakhala m'mizinda. Kuyambira 2005 boma ndi maiko othandiza anawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti pofuna kuti asachoke.

Chachitatu, chimene chimaiwalika kawirikawiri, ndi ndalama zowalembera ntchito. Mu 2015 madokotala amene anali atangomaliza maphunziro anakhala pakhomo miyezi ingapo chifukwa boma linalibe ndalama zowalipira, odwala ali mbwee m'zipatala. Kuphunzitsa munthu ndi misonkho yathu kenaka nkumusiya, ndi kulimira dziko lina.

Tisaiwalenso kuti ku Nsipe, ku Nzama kapena ku Tsangano, amene timawatchula kuti adokotala nthawi zambiri amakhala a kiliniko ofesala kapena a medikolo asisitanti, amene maphunziro awo amatenga zaka zochepa. Iwowa ndiwo asenza mtolo wa kumudzi, ndipo mapulani oiwala iwo sangatifike ife.

Maepiskopi athu anadandaula za kuchepa kwa ogwira ntchito m'zipatala m'kalata yawo ya m'nyengo ya Lenti ya 1992. M'Miphakati yathu tingathe kufunsa komiti ya chipatala chathu kuti malo a ntchito ovomerezeka ndi angati ndipo opanda munthu ndi angati, yankholo nkukalitula kwa khansala ndi phungu wathu bajeti isanakambidwe ku Nyumba ya Malamulo.