Mwana Wanzeru Zapadera M'sukulu za ku Malawi: Timamupeza Bwanji, Nanga Timamuthandiza Motani?

Chiyambi

M'kalasi iliyonse mumakhala mwana amene amatsiriza samu anzake asanakopere funso, kapena amene amafunsa mafunso oti mphunzitsi nkuyamba wakanda kumutu. Kwathu ku Zakazaka, m'boma la Zomba, mwana wotere timangoti "ali ndi mutu", nkhani nkuthera pomwepo. Ambirife timaganiza kuti iyeyu safuna chithandizo chifukwa adzakhoza yekha. M'nkhani ino ndifotokoza tanthauzo la mphatso yapadera pamaphunziro, njira zimene dziko la Malawi lakhala likutsata pothandiza ana otere, ndiponso pamene njirazo zimaperewera. Mfundo yanga ndi yakuti dziko lino ladalira kwambiri kusankha ana ochepa kudzera m'mayeso, pamene chithandizo chenicheni chiyenera kuyambira m'kalasi wamba momwe muli ana ambiri.

Kodi mphatso yapadera nchiyani?

Akatswiri amaphunziro sanagwirizane msanga pa funsoli. M'chaka cha 1921, Lewis Terman wa ku yunivesite ya Stanford ku America anayamba kafukufuku wotsatira ana oposa 1,000 omwe anakhoza bwino kwambiri mayeso oyeza nzeru, a IQ. Kwa iye, mphatso inali nambala. Chodabwitsa nchakuti anyamata awiri amene mayesowo anawasiya kunja, William Shockley ndi Luis Alvarez, anadzalandira mphotho ya Nobel pa sayansi atakula.

M'chaka cha 1978, Joseph Renzulli anati mphatso imaoneka pamene zinthu zitatu zakumana: nzeru zoposa za ambiri, luso lopeka zatsopano, ndi khama losatopa pa ntchito imene munthu wayamba. Kenaka mu 1983 Howard Gardner anafotokoza kuti nzeru zili zamitundumitundu: zachiyankhulo, zamasamu, zanyimbo, zogwiritsa ntchito thupi, zokhala bwino ndi anthu, ndi zina. Maganizo amenewa si achilendo kwa ife. Makolo athu ankazindikira mwana wodziwa kusema mpini, mtsikana wamawu otsogolera nyimbo pachinamwali, ngakhale mnyamata wodziwa kuyala mlandu pabwalo, ndipo ankampereka kwa wamkulu woti amusule. Mphatso yamasamu ndi imodzi chabe mwa zambiri.

Njira yoyamba: sukulu zosankhira

Kuyambira nthawi ya atsamunda, njira yaikulu yothandizira mwana wanzeru m'dziko muno yakhala kumusankhira kusukulu yabwino. Sekondale ya Blantyre inatsegulidwa mu 1940, ya Zomba Catholic, yomwe ambiri amaidziwa kuti Box 2, mu 1942, ndipo ya Dedza mu 1951. Malo anali ochepa zedi moti wolowa m'sukuluzi ankadziwika dera lonse. Mwambo umenewu ulipobe. Ana a Sitandade 8 amalemba mayeso a PSLCE omwe amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, lomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba. Okhoza kwambiri amasankhidwira kusukulu zotenga ana m'dziko lonse, ena kusukulu za m'boma lawo, ndipo ambiri amapita kusukulu zoyendera za CDSS.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Mwana wa mlimi wosauka akakhoza bwino amakakhala pa desiki imodzi ndi mwana wa bwana, napeza labotale, laibulale ndi aphunzitsi odziwa ntchito. Komanso akakumana ndi anzake anzeru ngati iye, amasiya ulesi umene umabwera munthu akamakhala nambala wani popanda kuwerenga.

Njira yachiwiri: Kamuzu Academy

Chitsanzo chotchuka kwambiri ndi sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, yomwe Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsegula mu 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere umene iye anaphunzirapo ali mwana. Cholinga chinali kusonkhanitsa ana okhoza koposa ochokera m'maboma onse ndi kuwaphunzitsa mwaulere. Aphunzitsi anali ochokera kunja, makamaka ku Britain, ndipo Chilatini ndi Chigiriki zinali maphunziro okakamiza. Sukuluyi inatulutsa madokotala, maloya ndi akatswiri ena ambiri. Koma ndalama zimene zinkathera pa ana ochepawa zinali zankhaninkhani poyerekeza ndi zimene mwana wa m'sukulu wamba ankalandira. Ulamuliro utasintha mu 1994, thandizo lija linaphwa ndipo sukuluyi inayamba kudalira fizi yolipira makolo. Phunziro lake ndi lakuti chithandizo chotsamira pa munthu mmodzi chimagwa munthuyo akachoka.

Amene sefa imawataya

Kusankha kudzera m'mayeso kuli ngati sefa: kumasunga zina nkutaya zina. Vuto loyamba ndi kuchuluka kwa ana. Boma litayambitsa maphunziro aulere apulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Ichi chinali chinthu chabwino, koma mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 amathera mphamvu zake pa amene akutsalira. Mwana wofulumira kumva amangokhala, kenaka amayamba kusokosa kapena kujomba, ndipo amatchedwa wamwano. Ena mwa iwo safika nkomwe Sitandade 8 pamene sefa ija ikudikira.

Vuto lachiwiri, lomwe limatikhudza ife ophunzira ziyankhulo, ndi chiyankhulo cha mayeso. Kupatula phunziro la Chichewa, mayeso a PSLCE amalembedwa m'Chingerezi, ndipo Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. M'boma la Zomba muli ana ambiri amene kunyumba amayankhula Chiyao kapena Chinyanja, ndipo Chingerezi amakumana nacho m'kalasi mokha. Mwana angathe kumvetsa bwino momwe madzi a mtsinje wa Mulunguzi amatsikira kuchokera kuphiri mpaka kufika pampopi, koma nkulephera funso la sayansi chifukwa cha liwu limodzi lachilendo. Pamenepo mayeso ayeza Chingerezi chake, nzeru zake zasayansi osazikhudza.

Vuto lachitatu ndi umphawi. Nkhani ya William Kamkwamba ikutiphunzitsa zambiri. Iye anabadwa mu 1987 ndipo anakulira ku Wimbe, m'boma lomwelo la Kasungu kumene kuli Kamuzu Academy. Pa njala ya 2001 ndi 2002 anasiya sekondale chifukwa makolo ake analibe fizi. Anayamba kubwereka mabuku pa kalaibulale kakang'ono ka pasukulu yapulayimale, ndipo ngakhale Chingerezi chinkamuvuta, anatsatira zithunzi za m'buku lotchedwa Using Energy napanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi ziwiya za njinga. Mu 2007 anakayankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, kenaka anaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, natsiriza ku Dartmouth College ku America mu 2014. Palibe mayeso amene anamutulukira mnyamatayu. Chimene chinamupulumutsa ndi shelefu ya mabuku imene inali pafupi ndi kwawo.

Zimene zingatheke m'sukulu wamba

M'mayiko ena ana amphatso amathandizidwa m'njira zikuluzikulu zitatu, ndipo zonse zingatheke kuno popanda kumanga sukulu yatsopano. Yoyamba ndi kufulumizitsa: mwana amene wadziwa kale zonse za kalasi yake amaloledwa kudumpha kalasi, kapena kuphunzira phunziro limodzi ndi akalasi yapamwamba. Izi zimafunika kusamala, poti mwana angakhale wakhwima m'mutu koma akadali wamng'ono pa kakhalidwe ndi anzake. Yachiwiri ndi kulemeretsa ntchito: m'malo momupatsa masamu ena 20 ofanana ndi amene watsiriza, mphunzitsi amamupatsa funso limodzi lozama, kapena kumutuma kukalemba nthano za agogo ake. Makalabu asayansi, azisudzo, amtsutso ndi olemba nkhani amagwira ntchito yomweyi. Yachitatu ndi kumupezera mlangizi, munthu wodziwa amene angamayende naye.

Pa njira yachitatuyi, Zomba ali ndi mwayi woposa maboma ambiri. Koleji ya Chancellor inasamukira kuno mu 1973, ndipo kuyambira mu 2021 ndiyo Yunivesite ya Malawi payokha. Ku Domasi kuli koleji yosula aphunzitsi komanso bungwe la Malawi Institute of Education lomwe limakonza silabasi ndi mabuku a m'sukulu. Ngati aphunzitsi akanamaphunzitsidwa zizindikiro za mwana wamphatso monga momwe amaphunzitsidwira za mwana wovutika kumva kapena kuona, ana ambiri akanadziwika akadali ku Sitandade 3. Nafenso ophunzira apayunivesite tingathe kupatula Loweruka limodzi pamwezi kukawerenga ndi ana a m'sukulu zotizungulira, ndi kulemba timabuku tasayansi ndi tandakatulo m'ziyankhulo zawo. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Mawu omaliza

M'nkhaniyi ndaonetsa kuti mphatso yapadera ili ndi nkhope zambiri, ndipo kuti sukulu zosankhira pamodzi ndi Kamuzu Academy zathandiza ana ena koma ochepa. Kuchuluka kwa ana m'kalasi, chiyankhulo cha mayeso ndi umphawi zimataya ena asanaonekere. Sindikunena kuti sukulu zosankhira zithe, chifukwa ntchito yake ndi yaikulu. Koma m'mera mpoyamba. Dziko limene likusowa madokotala, mainjiniya ndi alembi a mabuku a m'ziyankhulo zake silingadikire mpaka Sitandade 8 kuti lidziwe ana ake. Mphunzitsi wophunzitsidwa kuzindikira mphatso, kalabu yamoyo ndi laibulale yotsegula pasukulu iliyonse yapulayimale ndizo poyambira pake.