Mmene madokotala anatulukira gwero la matenda a sickle cell

Mlimi aliyense wa fodya m'zigwa za Kasungu amadziwa kuti mbande za pa nazale zimatengera mbewu imene inafesedwa. Chimene chimazunguza anthu n'chakuti makolo awiri athanzi nthawi zina amabereka mwana wodwaladwala, wotupa manja ndi mapazi, wosowa magazi ndiponso wolira ndi ululu wa m'mafupa. M'midzi yathu nkhani yotere yapasula mabanja, pakuti akuchimuna amaloza chala mayi, pamene ena amathamangira kunena za ufiti. Komatu yankho linapezeka kalekale, ndipo mbali ina linapezekera kwa anansi athu ku Zambia.

Zonse zinayambira m'dimba. Mu 1866, wansembe wina wa mumzinda wa Brno, Gregor Mendel, anafalitsa zimene anapeza pokwatitsa mitundu ya nsawawa. Iye anaona kuti maonekedwe ena amabisala mu m'badwo umodzi n'kudzatulukira mu m'badwo wotsatira, pa chomera chimodzi mwa zinayi zilizonse. Ntchito yakeyo inanyalanyazidwa mpaka mu 1900. Patangopita zaka ziwiri, dokotala wa ku London, Archibald Garrod, anasonyeza kuti nthenda ina yodetsa mkodzo, yotchedwa alkaptonuria, imayenda m'mabanja motsatira lamulo lomwelo. Apa m'pamene nzeru za chibadwa zinalowera m'chipatala.

Mu 1910, James Herrick wa ku Chicago analemba za wophunzira wina wochokera ku Grenada amene maselo ofiira a m'magazi ake anali opindika ngati zenga yomwetera udzu. Maselo otere amatseka timitsempha ting'onoting'ono, ndipo amafa pasanathe masabata atatu, pomwe abwinobwino amakhala masiku pafupifupi 120. Ndiye chifukwa chake wodwala amamva ululu ndi kuchepa magazi.

Koma kodi nthendayi imalowa bwanji m'banja? Dokotala wa boma ku Northern Rhodesia, E. A. Beet, anayeza magazi a anthu a ku Balovale, boma limene lero likutchedwa Zambezi, ndipo mu 1946 anafalitsa zimene anapeza. Mu 1949, iye ndi James Neel wa ku America, aliyense payekha, anafika pa mfundo imodzi: mwana amadwala pokhapokha atatengera chibadwa cha nthendayi kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Wotengera kwa kholo limodzi amangochinyamula, ndipo kawirikawiri sadwala. Onyamula awiri akakwatirana, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi nthendayi. Si kuti mwa ana anayi wodwala amakhala mmodzi basi. Mimba iliyonse imayamba payokha.

M'chaka chomwecho cha 1949, Linus Pauling ndi anzake anapeza kuti vuto lili mu hemoglobin, chinthu chonyamula mpweya wabwino m'magazi. Kenako mu 1954, Anthony Allison, atafufuza kum'mawa kwa Africa, anatsimikiza kuti onyamula chibadwachi amatetezekako ku malungo oopsa. N'chifukwa chake chibadwachi n'chofala m'madera a udzudzu ngati kwathu kuno: chimene chinapulumutsa makolo ku malungo ndicho chimavutitsa zidzukulu zikachilandira mbali zonse ziwiri.

Phunziro la mbiriyi ndi lomveka. Palibe kholo limene lingaimbidwe mlandu palokha, ndipo palibe mfiti pankhaniyi. Kuyezetsa magazi kumaulula amene ali wonyamula, ngakhale asanalowe m'banja. Mwana wodwala akadziwika msanga, n'kumatetezedwa ku malungo, kulandira katemera yense ndi kumwa madzi okwanira, moyo wake umasintha. Pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe pali kiliniki ya ana otere, ndipo mankhwala a hydroxyurea amachepetsa ululu wobwerezabwereza. Ankhoswe akamakhala pansi kuweruza banja lotere, ayambe afunsa ngati mwanayo anayezedwa magazi.