Mafumu oposa anzawo, ndi muyeso wa aneneri

M'banja la Davide, amene anakhalitsa pampando kuposa onse ndi Manase: zaka 55, atalongedwa ufumu ali ndi zaka 12. Komatu buku lachiwiri la Mafumu limamuwerengera pa oipitsitsa, poti anakhetsa magazi ochuluka a anthu osalakwa mu Yerusalemu. Wachiwiri pa kukhalitsa ndi Uziya, zaka 52. Amene sanafunditse n'komwe mpando ndi Zimri wa ufumu wakumpoto wa Israeli. Anapha mbuye wake Ela, nalamulira masiku 7 okha, ndipo Omuri, mkulu wa ankhondo, atalanda mzinda wa Tiriza, anadzitenthera m'nyumba yachifumu.

Kumpotoko ufumu unkalandidwa ndi lupanga kawirikawiri, pamene ku Yuda mbumba ya Davide inalamulira zaka pafupifupi 400, mpaka Ababulo atagumula Yerusalemu mu 586 BC. Inatsala pang'ono kuzimiririka m'manja mwa Ataliya, mkazi yekhayo amene analamulira Yuda, yemwe anapha ana achifumu. Khanda limodzi, Yoasi, linabisidwa m'Kachisi zaka 6 ndi Yehoseba, mlongo wa bambo ake, nkuvekedwa ufumu lili ndi zaka 7. Pa chuma ndi akazi palibe wofika pa Solomo: akazi 700 ndi adzakazi 300, ngakhale Deuteronomo 17 imaletsa mfumu kuchulukitsa akazi, akavalo ndi golide.

Aneneri sankachita chidwi ndi ziwerengero zotere, ndipo ine ndili kumbali yawo. Pa Yeremiya 22 mneneri akudzudzula Yehoyakimu chifukwa chomanga nyumba yamkungudza osalipira antchito, nkumukumbutsa za bambo ake, Yosiya, amene ankaweruza mwachilungamo milandu ya amphawi. Yosiyayo, amene olemba Mafumu amati analibe mnzake pa kutembenukira kwa Yehova, anaphedwa ndi Farao Neko ku Megido mu 609 BC, asanakwanitse n'komwe zaka 40.

Mafumu enieniwo atakhumudwitsa, aneneri anafotokoza mfumu imene Yuda sanaionepo. Yesaya 11 imaiyerekeza ndi mphukira pa chitsa cha Yese (bambo ake a Davide), yoweruza osauka mosatengera maonekedwe kapena mphekesera. Mika anati idzachokera ku Betelehemu, kamudzi kakang'ono ka kwawo kwa Davide. Zekariya, buku la pambuyo pa ukapolo wa ku Babulo, Yuda alibenso mfumu, akuikweza pa bulu, nati magaleta ndi akavalo ankhondo adzachotsedwa mu Efraimu ndi mu Yerusalemu.