Chiweto chikadwala mwadzidzidzi: ntchito ya othandiza dokotala ndi mbali ya mlimi

M'mizinda ikuluikulu ya maiko ngati South Africa, Britain ndi America muli zipatala za ziweto zimene sizitseka, usana ndi usiku. Kumeneko kumapita agalu ogundidwa ndi galimoto, amphaka odya poizoni ndi nyama zolephera kubereka. Munthu akafika ndi chiweto chake, woyamba kuchigwira kawirikawiri sakhala dokotala. Amakhala wothandiza dokotala, munthu wophunzitsidwa kuyeza nyama, kutenga magazi, kuika diripi, kumanga zilonda ndi kuyang'anira nyama imene yagonekedwa tulo pa opaleshoni. Kunena dzina la matenda, kulemba mankhwala ndi kung'amba ndi ntchito za dokotala.

Kwathu kuno madokotala a ziweto ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'tauni. Amene timamudalira ndi mlangizi wa ziweto wa ku Dipatimenti ya Zaumoyo wa Ziweto, uja timamupeza kudibi kapena ku ofesi ya zaulimi. Ambiri mwa alangiziwa anaphunzira ku Natural Resources College ku Lilongwe kapena ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Mlangizi mmodzi amayang'anira midzi yambiri, nthawi zina pa njinga yakapalasa. Choncho ntchito ya mphindi zoyamba, imene ku chipatala chija amagwira othandiza dokotala, kuno imagwera inu eni khola.

Kusankha choyamba kuthandizidwa

Ku chipatala cha matenda adzidzidzi satsata mzere. Wothandiza amayang'ana nyama iliyonse msangamsanga n'kuona imene ingafe ikadikira. Yobanika kupuma, yotaya magazi ambiri, yokomoka ndi yotupa mimba zimalowa poyamba. Yotsimphina imadikira, ngakhale mwini wake anafika m'mawa.

Poyeza amayamba ndi kutentha kwa thupi. Themometa imalowetsedwa kotulukira ndowe, itakhudza khoma la mkati. Ng'ombe yabwinobwino imakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.3, mbuzi pakati pa 38.5 ndi 40. Ng'ombe ikafika 40.5 kapena 41, ndiponso yatupa mwanabele pansi pa khutu kapena kutsogolo kwa phewa, mlangizi amaganizira matenda obwera ndi nkhupakupa. Kutsika kwa kutentha nakonso n'koopsa: mwana wa mbuzi wozizira m'kamwa ali pafupi kufa.

Kenako amatsegula chikope ndi mlomo. Mkati mwa chikope muyenera kukhala mofiirira. Mukayera ngati pepala ndiye kuti magazi achepa, ndipo kwa mbuzi nthawi zambiri zimachitika chifukwa cha nyongolotsi za m'mimba. Amadina nkhama ndi chala: mtundu uyenera kubwerera masekondi 2 asanathe. Amatsina chikopa cha pakhosi n'kuchisiya. Chikachedwa kubwerera, madzi achepa m'thupi. Pomaliza amaika dzanja kapena khutu pa kadzenje ka kumanzere, kuseri kwa nthiti yomaliza, kuti amve chifu chachikulu, chimene chimagubuduka kamodzi kapena kawiri pa mphindi. Zonsezi, kupatula themometa, sizifuna chida chogula.

Kutupa mimba

Apa tikhalitsepo, chifukwa vutoli limapha ng'ombe pa ola limodzi kapena awiri, mlangizi akadali m'njira. M'chifu cha ng'ombe ndi mbuzi mumapangika mpweya nthawi zonse, ndipo nyama imautulutsa pogeya. Ukalephera kutuluka, mbali ya kumanzere imafufuma, imalira ngati ng'oma mukaimenya, chifu chimapanikiza mapapo ndipo nyama imafa chifukwa chobanika.

Kutupaku kuli mitundu iwiri. Wina umabwera nyama ikadya msipu wanthete wonyowa, makamaka wa gulu la nyemba, monga zimachitikira mvula yoyamba ikagwa ziweto zitatuluka m'khola ndi njala. Mpweya umasanduka thovu losageyeka. Mtundu wachiwiri umachitika china chikatsekereza kum'mero, monga mango, mbatata kapena chitsononkho. Wothandiza dokotala amasiyanitsa polowetsa paipi yofewa kudzera pakamwa mpaka m'chifu. Mpweya ukatuluka mwamphamvu, si thovu. Ukakana, amathira mankhwala ophwanya thovu kudzera m'paipi momwemo. Nyama ikakhala kuti yagwa kale, amaboola pa kadzenje ka kumanzere ndi chitsulo chopangidwira ntchitoyo.

Inu podikira, imikani nyama pokwera kuti miyendo yakutsogolo ikhale pamwamba. Mangani kamtengo mopingasa m'kamwa kuti izitafuna ndi kutulutsa malovu. Ngati mukudziwa kuti yadya msipu wanthete ndipo ikutha kumeza, imwetseni mafuta ophikira: ng'ombe yaikulu mamililita 250 mpaka 500, mbuzi 50 mpaka 100. Botolo lilowe cham'mbali mwa kamwa, pang'onopang'ono, osaigwira lilime komanso osaikweza mutu kwambiri. Ikatsokomola, lekani. Mafuta akalowera kumapapo, nyama imene inapulumuka kutupa imadzafa ndi chibayo patapita masiku. Ngati malovu akungotuluka ndipo ikulephera kumeza, musaimwetse kalikonse, ndipo musakankhe chotsekerezacho ndi ndodo, chifukwa kum'mero kukang'ambika sikusokeka kumudzi. Palafini, amene ena amamwetsa, amawononga mapapo ndi kununkhitsa nyama ndi mkaka.

Kubereka kovuta

Mwana woyenda bwino amatsogoza miyendo iwiri yakutsogolo, mphuno itagona pamwamba pake. Mbuzi ikakankha mwamphamvu kwa mphindi 30 popanda chooneka, kapena ng'ombe ikatha ola chitulukireni thumba la madzi zinthu osasuntha, imbani foni. Wothandiza wophunzira sayamba ndi kukoka. Amasamba ndi sopo, amavala magolovesi, amalowetsa dzanja kuti adziwe ngati miyendo imene akuigwira ndi yakutsogolo kapena yakumbuyo, ngati mutu wapindikira m'mbali, ndiponso kwa mbuzi ngati miyendoyo ndi ya mwana mmodzi kapena ya mapasa. Mwana wokhala molakwika amayamba wamukankhira mkati n'kumuwongola. Kukoka kumachitika pamene mayi akukankha, ndipo kusapitirire mphamvu za anthu awiri. Kumanga chingwe ku ngolo kapena kuitana amuna asanu kumang'amba mayi. Magolovesi aja si ulemu chabe: madzi a m'chiberekero amatha kupatsira munthu matenda, makamaka ngati nyama yapoloza, ndipo amayi oyembekezera asagwire ntchitoyi.

Chiberekero chikatuluka kunja nyama itabereka, chiphimbeni ndi nsalu yoyera yonyowa, thamangitsani agalu ndi nkhuku, ndipo nyamayo isayendetsedwe.

Poizoni

Mankhwala a dibi osungunula mopyola muyezo amachititsa nyama kutuluka malovu, kunjenjemera, kutsekula m'mimba kapena kudzandira. Isambitseni ndi madzi ambiri ndi sopo, inu mutavala zodziteteza, n'kuiika pamthunzi. Sungani botolo la mankhwalawo. Funso loyamba la wothandiza dokotala lidzakhala dzina lolembedwa pabotolo, chifukwa jakisoni wothana ndi mtundu wina wa dibi sagwira pa mtundu wina. Makoko a chinangwa chowawa ndi mphukira za mapira nazonso zimapha msanga.

Pali nthawi ina imene thandizo loyenera ndi kusagwira. Ng'ombe ikafa mwadzidzidzi, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kotulukira ndowe, musaisende, musaidye, musaigulitse. Akhoza kukhala matenda a anthrax, amene amagwira anthu, ndipo kung'amba mtembo kumamwaza tizilombo timene timakhala m'nthaka zaka zambiri. Chimodzimodzi nyama imene yasintha khalidwe n'kumatuluka dovu italumidwa ndi galu: musapise dzanja m'kamwa mwake kufuna fupa, mwina ndi chiwewe. Nenani kwa mlangizi tsiku lomwelo.

Poimba foni

Ku chipatala, wothandiza akamapereka nyama kwa dokotala amafotokoza mwachidule komanso mwadongosolo. Inunso teroni. "Ng'ombe yanga yadwala, bwerani" sizimuuza mlangizi choti anyamule m'chikwama. Nenani mtundu wa chiweto, msinkhu wake, ngati chili ndi bere, nthawi imene vuto layamba, chimene chadya dzulo ndi lero, ngati chikubzikula, maonekedwe a ndowe ndi mkodzo, ndiponso ngati zina m'khola zadwala. Nenaninso mankhwala amene mwapereka kale, ngakhale achikuda, chifukwa mukabisa akhoza kubaya ena osagwirizana nawo.

Pa tsiku lokumana likubwerali gulu lipeze mbuzi ziwiri zathanzi ndi themometa imodzi. Aliyense ayeze kutentha, ayang'ane mkati mwa chikope, atsine chikopa ndi kumvetsera chifu, mlembi alembe zotsatira m'buku la gulu. Kenako awiriawiri muyeserere kuimba foni, wina akhale mlimi, wina mlangizi, pogwiritsa ntchito vuto limene linachitikadi m'khola la mmodzi wa inu chaka chatha.